Mukudziwa Ndinu, Bwana

Bambo anga sankaopa imfa. Chimene ankaopa n'kuikidwa ngati galu. Mawu amenewa ndinawamva kuyambira ndili kamtsikana mpaka ndinakwatiwa, ndipo ndinkangowaseka, poti munthu wake anali wojintcha, wosadziwa n'komwe khomo la chipatala. Koma aliyense m'komboni mwathu anali nawo mantha omwewo, kungoti ena sankawatchula. Tinali anthu obwera. Makolo athu anachoka ku Nyasalande wapansi kudzafuna ntchito, ndipo ambiri anatchona. Mshona, mwini dziko, akadwala kwambiri ankakwera basi kukafera pakati pa abale ake. Ife kwathu kunali pomwepo, pa famu ya fodya ya mzungu kufupi ndi Darwendale, pamalo pamene ngakhale mtengo wa papaya wa pakhomo pako sunali wako.

Manda athu anali pachulu chachikulu kuseri kwa komboni. Mzungu anatipatsa malowo osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa thirakitala inkalephera kukwerapo. Chulucho tinachigawa pawiri. Kum'mawa kunkagona Akhristu, kumadzulo kunkagona a gule wamkulu, ndipo pakati pankadutsa njira ya ng'ombe zopita kukamwa madzi kudamu. Ukakhala wa mpingo, amuna a mpingo ankakukumbira manda ndipo amayi ovala zoyera ankakuimbira mpaka dothi lomaliza. Ukakhala wa gule, ankakukumbira amuna a kudambwe, kumalo awo obisika aja, ng'oma zinkalira, ndipo zilombo zinkabwera kudzakuperekeza. Njira yachitatu panalibe.

Bambo anali a gule, ndipo osati a gule wamba. Pantchito anali osonkha moto m'mabalani oumitsira fodya, koma kukagwa maliro kumbali ya kumadzulo ndiwo ankatsogolera zonse. Ife akazi tinkauzidwa kuti zilombo zimachokera kumanda, ndipo tinkavomera ndi mtima wonse, ngakhale mkazi aliyense ankawadziwa mapazi a mwamuna wake. Ine ndinkadziwa chala chachikulu chopindika cha chilombo china chofiira kumaso, koma pakamwa panga panali potseka monga pa mkazi aliyense woleredwa bwino.

Amayi anga anali a mpingo. Anthu awiriwa anakhala zaka zambirimbiri nyumba imodzi, wina akuchapa bulauzi yoyera, wina akubwera m'mawa fumbi lili mbuu mpaka m'makutu. Ankanyozana mokoma. Amayi ankati, "Inu mudzapsa, ndipo ine sindidzakubweretserani madzi." Bambo ankayankha kuti moto anauzolowera kale kumabalani. Ine ndinatsata amayi. Ndinabatizidwa, ndinaphunzira kuwerenga, ndipo ndinakwatiwa ndi mnyamata wa mpingo womwewo, wofatsa ngati nkhosa yonyowa.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndipo amishoni a ku Halale anali atayamba kutumiza alaliki m'mafamu kuti akatembenuze ife anthu a m'makomboni. Wathu anali munthu wa kwathu komwe ku Nyasalande, wa njinga yakuda ndi jekete la khaki. M'mawa ankaphunzitsa ana m'katchalitchi kaudzu, Lamulungu ankalalikira momwemo. Sindinganene kuti anali woipa nkhope. Anali wamantha, ndipo ndaona m'moyo wanga kuti munthu wamantha amalasa mozama kuposa wankhanza. Ankaopa abusa achizungu amene anamutuma monga mmene ife tinkaopera kapitao, ndipo ankalakalaka kudzawaonetsa nsomba yaikulu. Nsomba imeneyo inali bambo anga.

Amayi anamwalira nthawi yozizira. Maliro awo anali okongola, ndinene zoona. Amayi a zoyera anaimba mpaka mawu kusasa. Bambo anaima kutsidya la njira ya ng'ombe, chipewa chili m'manja, poti sankaloledwa kuponda mbali ya Akhristu. Mlaliki polalikira sanayang'ane bokosi, anayang'ana iwo. "Mayi awa apita kumene ng'oma siimveka," anatero. "Amene akufuna kudzawaonanso adziwe chochita. Wina akagona kumadzulo kwa chulu chino, asiyana nawo mpaka muyaya."

Patapita masiku, bambo anabwera pakhomo panga ine ndikusenda nyemba. Anakhala pansi pafupi nane.

"Mwanawe," anatero, "undiphunzitse mafunso a kalasi ya ubatizo."

"Ababa, mwadya chiyani lero?"

"Usaseke. Amako ndi amanyazi ndi anthu achilendo. Ukudziwa kuti ngakhale kusitolo ndinkawayankhulira ndine. Nanga kumeneko awayankhulira ndani?"

Ndinasiya kuseka. Nyemba zinasanduka zambirimbiri m'maso mwanga chifukwa cha misozi.

Mlaliki anawalandira ndi manja awiri, koma anaika lamulo lake. Anati munthu wa kudambwe sangalowe kalasi ndi pakamwa pokha. Abweretse chinthu chake cha gule Lamulungu, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa mpingo wonse. Bambo anapempha kuti akachiponye okha m'ng'anjo ya balani popanda woona. Anati chipsa chimodzimodzi, ndipo Mulungu aona utsi wake. Mlaliki anakana. Anati Satana sachotsedwa mobisa.

Lamulungu limenelo ndimalikumbukira ngati dzulo, ndipo mpaka lero dzanja langa likulemera polemba izi, chifukwa ndinaona chimene mkazi sayenera kuona. Bambo anabwera ndi thumba la chiguduli, atavala jekete limene anakwatira nalo. Tonse tinali panja pa tchalitchi, amayi a mpingo, ana a sukulu, ngakhale Ashona angapo obwera kudzathandiza ntchito amene anamva kuti kuli zoonerera. Bambo anapisa dzanja m'thumba natulutsa nkhope yofiira ija, yosema pamtengo, ya tsitsi la khonje. Inali yakale kwambiri. Anachoka nayo kwawo ku Dedza atakulunga m'bulangete, ndipo asanaitenge iwo inali ya amalume awo.

Amayi achikulire anafunda nsalu kumaso, ena anathawira kuseri kwa tchalitchi akulira. Mlaliki anaitenga, naitembenuza kuti tione mkati mwake. Munali mwakuda ndi thukuta la amuna amene anafa ine ndisanabadwe, ndipo munali kachingwe komangira kumutu. "Onani mzimu wanu uja," anatero. "Uli ndi chingwe!" Kenaka anauza bambo kuti aivale. Bambo anamuyang'ana ngati sanamve. Mlaliki anabwerezanso. Ndiye bambo anaivala, pamwamba pa jekete laukwati, manja ali lende, ndipo mlaliki anawauza kuti avule, avalenso, avulenso, kuti ana aone bwino kuti m'katimo muli nkhalamba ya kumabalani basi. Ana anafa nazo nseko. Ana omwewo amene dzulo lake akanathawa mpaka kudzikodzera. Pomaliza mlaliki anaithira palafini naiyatsa. Mtengo wakale umayaka msanga.

Chapatali, pansi pa mtengo wa msasa, panaima amuna a kudambwe. Pakati pawo panali mkulu wina amene ine ndinkamutcha amalume, ngakhale panalibe ubale wamagazi. Iyeyo ndi bambo anayenda limodzi ulendo wonse wochokera ku Dedza, akugawana chinangwa chimodzi panjira. Ndinkayembekezera kuti bambo akwapulidwa, poti gule sasekerera woulula zake. Sanawakhudze ngakhale ndi chala. Anangosiya kuwaona. Bambo akapereka moni, anthu ankapitiriza nkhani yawo ngati kwadutsa mphepo. Akafika pamene amuna akusewera bawo, masewera ankatha. Amalume aja anasamutsa kampando kawo kamene kanakhala pakhonde pathu chibadwire changa, ndipo anatuma mwana kudzakatenga.

Bambo anapirira. Ankati zonsezi n'zakanthawi, chachikulu n'chakuti akagone kum'mawa. Kuwerenga sankadziwa, choncho ndinkawawerengera mafunso ndi mayankho ake, iwo n'kumasunga m'mutu. Ndipo mutu wawo unali mutu! Munthu amene anasunga nyimbo za gule zosawerengeka, kabuku ka kalasi kanali kamwana kwa iye. Ankayankha akusonkha moto, ankayankha akudya, ankayankha ngakhale funso ndisanalimalize. Mwamuna wanga akalakwitsa liwu pemphero, apongozi ake ankamukonza. Ndinkawaseka kuti posachedwa alanda njinga ya mlaliki.

Ubatizo sunali m'manja mwa mlaliki. Unkadikira mbusa wachizungu, amene ankayendera mafamu kamodzi pachaka, fodya akagulitsidwa ndipo misewu ikauma. Anabwera pa galimoto yotuwa ndi fumbi. Anali munthu wamtali, wofiira ndi dzuwa, woyankhula Chinyanja cha m'mabuku mwaulemu kwambiri. Anamuikira tebulo pamthunzi, ndipo a kalasi ankaitanidwa mmodzimmodzi kukafunsidwa. Ife abale tinakhala pansi chapafupi.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimodzi chimene ine ndi mlaliki tinkachidziwa, koma mbusayo sankachidziwa. Bambo anayamba kugwirira ntchito azungu ali mnyamata, kumgodi wa ku Shamva, kenaka m'mafamu. Kumeneko anaphunzira kuti mzungu akakufunsa funso safuna yankho. Akati, "Ndani wachita ichi?" kapena "Ukuganiza kuti ndine chitsiru?" ukayankha wapalamula. Khutu lawo lakumanzere linagontha ndi khofi la mzungu wina amene anamuyankha zoona. Chiyambire tsiku limenelo anali ndi yankho limodzi lokha kwa mzungu aliyense, ndipo linawasunga pantchito mpaka imvi.

Ataitanidwa, anavula chipewa akadali kutali. Mpando umene anawalozera anaukana, nanjuta pansi, naomba m'manja.

"Akulu," anatero mbusa mokoma mtima, "anakulengani ndani?"

Bambo anayang'ana pansi. "Mukudziwa ndinu, bwana."

Mbusa anamwetulira, nayesa kufunsa mofewa. "Musaope. Nanga anafera machimo anu ndani?"

"Mukudziwa ndinu, bwana."

Funso limenelo anali atandiyankha m'mawa womwewo akutsuka mkamwa. Mbusa anafunsa lina, ndi linanso, ndipo yankho linali lomwelo, loperekedwa mwaulemu wonse, ndi kuomba m'manja pang'ono. Ndinayang'ana mlaliki. Iye ankadziwa kuti nkhalambayo ili ndi buku lonse m'mutu. Akanangonena kuti, abusa, munthuyu akuopa khungu lanu, ndiloleni ndimufunse ine inu mukumva. Mawu ochepa chabe. Koma kutero kukanakhala kuphunzitsa mzungu ntchito yake, ndipo mlaliki anasankha kuyang'ana nsapato zake.

Ndinadzuka. "Abusa, amadziwa! Afunseni kudzera mwa ine!"

"Khala pansi, iwe," anatero mlaliki mwaukali umene sanauonetse kwa wina aliyense tsikulo. "Akazi sayankhula pano."

Mbusa anadzuka nasisita bambo paphewa. Anati palibe chothamangira, akulu apitirize kuphunzira, ndipo chaka chamawa adzabatizidwa. Ananena mwachikondi chenicheni, ndipo chikondi chimenecho ndimadana nacho mpaka lero.

Pobwerera kunyumba bambo ankayenda mopepuka. "Ndawayankha bwino, eti mwanawe?" anandifunsa. "Waona, sanakwiye."

Ndinawafotokozera kuti sabatizidwa chaka chino. Anaima panjira. Kenaka anati, "Chabwino. Amako ndi odekha, adikira."

Mvula itagwa, fodya anacha, ndipo mabalani ankayaka osazima. Ntchito ya bambo inali yotuluka m'moto kulowa m'mvula, kutuluka m'mvula kulowa m'moto. Chifuwa chinawagwira. Kale zikanatero, anzawo a kudambwe akanasinthana kuwasonkhera moto kuti apume, koma tsopano panalibe wowalandira. Anagwira ntchito mpaka miyendo inakana. Tinawatengera kunyumba kwanga. Tsiku lawo lomaliza anandipempha kuti ndiwafunse mafunso aja. Ndinawafunsa onse kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo anayankha onse, mawu akutuluka ngati akudutsa m'madzi, osaphonya ngakhale limodzi. Anatisiya m'mawa, chitsulo choitanira anthu kuntchito chisanalire.

Ndinathamangira kwa mlaliki. Ndinamupeza akupopa njinga.

"Aphunzitsi, bambo atisiya. Muuze amuna a mpingo akakumbe pafupi ndi amayi."

Anapepesa, nanditcha mlongo, koma anapitiriza kugwira pampu. Anati nkhaniyi ndi yovuta. Anati malemuwo sanabatizidwe, ndiponso abusa eni ake anawayesa n'kuwabweza. Iye ndani kuti aike kumbali ya Akhristu munthu amene abusa anamubweza? Zikakamveka ku Halale adzayankha chiyani?

"Munawaveka chigoba pamaso pa ana," ndinatero. "Anakupatsani zonse zimene anali nazo."

"Anapatsa Mulungu, osati ine. Mulungu ndiye aweruze. Nyimbo sitingaimbe, mlongo. Ndidzakupemphererani kunyumba."

Ndinamutukwana. Sindibwereza mawu ake pano, koma sindinawalape ndipo sindidzawalapa.

Kuchoka apo ndinapita kwa amalume aja. Ndinagwada pakhomo pawo m'matope, ndikulira, ndipo ndinawakumbutsa za ulendo wa ku Dedza, za maliro onse amene bambo anatsogolera, za ana awo awiri amene bambo anawakumbira manda ndi manja awo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Maso awo anali ofiira, ndipo ndinadziwa kuti uthenga unali utawafika kale.

"Muzukuru," anatero, poti ankakonda kunditchula m'Chishona, "munthu amene ukumunenayo tinamulira kale, tsiku lija la palafini. Anativula tonse pamaso pa akazi athu. Lero mwana wanga yemwe amaseka chilombo chikamadutsa. Amene wafa lero ndi wa mlaliki. Pita kwa mlaliki."

"Wandikana, amalume."

"Ndiye waona anthu amene anatisinthanitsa nawo." Anatembenuka nalowa m'nyumba, ndipo ndinamva akutsokomola ngati munthu amene akubisa kulira.

Chitsulo chinalira. Fodya wakupsa sadikira maliro, ndipo komboni yonse inapita kumunda. Amayi angapo anadutsira pakhomo panga, nalira pang'ono chamumtima, nathamangira mzere. Kapitao anati mzungu walola mwamuna wanga yekha kujomba mpaka masana, ndipo thirakitala ikamabwerera kopanda kanthu idzatinyamulira mtembo.

Tinakwera pachulu ndi khasu ndi fosholo. Kum'mawa tinaletsedwa, kumadzulo tinaletsedwa. Panatsala panjira ya ng'ombe. Mwamuna wanga wofatsa uja anakumba yekha, dothi la chulu lonyowa likukanirira kukhasu ngati phula, manja ake mpaka kutuluka magazi. Kwathu mkazi sayandikira manda akamakumbidwa. Ine ndinalowa m'dzenje la bambo anga ndi beseni, ndikutulutsa dothi, nsalu nditaikwinyira m'chiuno. Manda a amayi ndinkawaona apo pomwe, ndi kamtanda kawo ka matabwa, mtunda woti munthu n'kuponya mwala osadzuka pamene wakhala.

Tinawakulunga mu mphasa ndi bulangete lawo. Anakwera ngolo yonunkha fodya wamuwisi. Woyendetsa thirakitala anali Mshona amene tsiku ndi tsiku ankatitcha mabhurandaya, dzina lawo lotinyozera ife a ku Nyasalande. Atafika pachulu anayang'ana uku ndi uku, kufuna anthu. Ataona kuti ndife awiri basi, anazimitsa injini, navula chipewa, natsika kudzagwira kumiyendo. Ndiye yekha amene anaperekeza munthu amene anaperekeza komboni yonse. Panalibe nyimbo, panalibe ng'oma. Kumunda kunkamveka mawu a kapitao akukalipira othyola fodya.

Dzuwa lisanalowe ng'ombe zinadutsa popita kudamu, ndipo mtumbira unaphwanyika. Ndinaunjikanso dothi n'kutchinga ndi minga. Woweta ng'ombe anachotsa mingayo, ati mzungu safuna zipsera pa zikopa za ng'ombe zake. Ndinaika miyala, ziboda zinaimwaza. Pofika nthawi yokolola chimanga, panjirapo panali posalala, ndipo ndimayenera kuyeza ndi maso kuchokera pa kamtanda ka amayi kuti ndidziwe pamene bambo agona.

Misewu itauma, galimoto yotuwa ija inabweranso. Ndinali nditasiya kupita kutchalitchi, koma tsiku limenelo ndinapita, ndinakhala pamalo pomwe ndinakhala chaka chathacho. Tebulo linali pamthunzi womwewo. Mbusa asanakhale pansi anayang'ana pa mzere wa a kalasi, nafunsa mlaliki mosangalala.

"Ali kuti akulu aja a chipewa? Ndakhala ndikuwaganizira chaka chonse. Ndinafunsa mbusa mnzanga amene wakhalitsa m'mafamu, ndipo anandiuza kuti nkhalamba zambiri zimachita choncho pamaso pa mzungu. Ndinalakwa ine. Lero ndiwabatiza ngakhale asatsegule pakamwa."

Mlaliki anayang'ananso nsapato zake. Anayankha motsitsa mawu kuti akuluwo anatisiya nthawi ya mvula. Za manda sanatchule. Anangoloza ine, nati mwana wawo ndi uyo.

Mbusa anabwera pamene ndinakhala. Nkhope yake inali yachisoni chenicheni, ndipo m'maso mwake munali misozi. Anawerama, nandifunsa m'Chinyanja chake chaulemu chija.

"Pepani, mayi. Koma ndiuzeni, kuti mtima wanga ukhale pansi. Anapita mwamtendere? Anagona pafupi ndi akazi awo? Aphunzitsi anandiuza chaka chatha kuti ndicho ankafuna."

Mayankho anadzaza mkamwa mwanga mpaka kukhosi. Ndikanamuuza za palafini, za beseni, za ziboda za ng'ombe. Ndikanamugwira dzanja n'kukwera naye pachulu kuti akaime panjira paja ndi nsapato zake. Anthu onse ankandiyang'ana, mlaliki thukuta lili kamukamu, kapitao ali chapatali ndi mkwapulo wake kukhwapa, mwamuna wanga akundipempha ndi maso, poti nyumba imene tinkagonamo inali ya famu. Ndinamva mawondo anga akugwada okha, manja anga akuomba okha, ndipo maso anga anapita pansi.

"Mukudziwa ndinu, bwana," ndinatero.

Anagwedeza mutu ngati munthu amene watonthozedwa, nandisisita paphewa, nabwerera patebulo kukaitana woyamba pa mzere.